Chidikhodikho: Chimayamba Bwanji, Chimaleka Bwanji, Nanga Tiyenera Kudera Nkhawa Liti?

Pa zinthu zonse zimene thupi limachita mwini wake asanalilamule, chidikhodikho ndicho chimene ntchito yake sioneka. Kutsokomola kumachotsa zimene zalowa molakwika m'njira ya mpweya, kuyetsemula kumayeretsa mphuno, kusanza kumatulutsa zimene mimba yakana, koma chidikhodikho chimangofika, n'kugwedeza munthu mapewa ndi chifuwa, n'kumudula mawu pakati, kenako n'kuchoka osasiya phindu lililonse. Mwina n'chifukwa chake anthu amachitenga ngati chinthu choseketsa, ndipo aliyense amene ali pafupi amakhala ndi malangizo ake: wina amati imwani madzi, wina amati musapume kaye, wina amazembera kumbuyo kuti akudzidzimutseni. Ine ndimaona kuti timataya nthawi yambiri potsutsana za njira imene imachiletsa msanga, pamene funso lofunika kwambiri, limene kawirikawiri sitilifunsa, ndi lakuti chidikhodikhocho chayamba liti ndipo chatenga nthawi yaitali bwanji.

Nkhani yonse imayambira pa mnofu umodzi umene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu, wopyapyala, wooneka ngati ambulera yotambasula, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo madokotala amautcha dayafulamu. Tikamakoka mpweya mnofu umenewu umakungika n'kutsikira m'munsi, chifuwa chimatakasuka, mpweya n'kulowa m'mapapo. Ukamasuka umabwerera m'mwamba, mpweya n'kutuluka. Umagwira ntchitoyi usana ndi usiku mwadongosolo, tili maso kapena tili m'tulo. Chidikhodikho chimachitika pamene mnofuwu, pamodzi ndi timinofu ta pakati pa nthiti, wakungika mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu pa nthawi imene si yake. Mpweya umathamangira kulowa, koma lisanathe ngakhale gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, kampata ka m'kholingo, kamene kali pakati pa timinofu totulutsa mawu, kamatsekeka mofulumira, mpweya uja n'kuimitsidwa panjira. Kaphokoso kamene timamva ndi ka kutsekeka kumeneko. Choncho ngakhale chimamvekera pakhosi, gwero lake lili m'munsi, pansi pa nthiti, ndipo nthawi zambiri ndi mbali imodzi yokha ya mnofuwo imene imagwedezeka, makamaka ya kumanzere.

Mnofu sukungika popanda kulandira uthenga, ndipo pa nkhani imeneyi pali mitsempha iwiri yonyamula mauthenga imene ili ndi mbali yaikulu. Woyamba, wotchedwa phrenic, umachokera m'khosi n'kutsika m'chifuwa, kudutsa m'mbali mwa mtima, mpaka kukafika pa dayafulamu. Wachiwiri, wotchedwa vagus, umachokera m'tsinde la ubongo n'kuyenda ulendo wautali, ndipo uli ndi nthambi zake m'khutu, kummero, m'kholingo, pamtima, m'mapapo, m'chifu ndi m'matumbo. Chilichonse chimene chanyanyula mitsempha imeneyi pena paliponse panjira yake chingathe kutumiza uthenga ku tsinde la ubongo, ubongowo n'kubweza lamulo lakuti mnofu ukungike ndipo kholingo litsekeke. Zikangoyamba zimabwerezabwereza pa liwiro limene limasiyana munthu ndi munthu, ena maulendo 4 okha pa mphindi, ena mpaka 60. Kutalika kwa njira ya mitsemphayi ndiko kumachititsa kuti zoyambitsa chidikhodikho zikhale zambirimbiri ndiponso zina zodabwitsa. Madokotala analembapo za anthu amene anavutika nacho masiku angapo, ndipo atawayang'ana m'khutu anapeza katsitsi kamene kankakhudza nembanemba ya m'kati mwa khutu. Atangokachotsa, chidikhodikho chinalekera pomwepo.

Zoyambitsa za tsiku ndi tsiku n'zodziwika ndipo sizifuna mawu ambiri. Chifu chili pansi penipeni pa dayafulamu, choncho chikafufuma mofulumira chimakankha mnofuwo n'kunyanyula mitsempha yake. Kudya mothamanga, kudya mopitirira muyeso, kumeza mpweya polankhula uku mukutafuna, kumwa zakumwa za gasi, kutafuna chingamu ndi kusuta fodya, zonsezi zimadzaza chifu ndi chakudya kapena mpweya. Mowa umachita ziwiri nthawi imodzi, chifukwa umafufumitsa chifu komanso umanyanyula njira ya chakudya. Tsabola wambiri, chakudya chotentha kwambiri chotsatiridwa ndi chakumwa chozizira kwambiri, kuseka kwambiri, mantha ndi kutengeka mtima kwadzidzidzi, nazonso zimatha kuchiyambitsa. Chidikhodikho chotere chimatha chokha pakapita mphindi zochepa ndipo sichisiya vuto lililonse.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chakuti munthu amayamba chidikhodikho asanabadwe. Pojambula amayi oyembekezera ndi makina oonera m'mimba, mwana amaoneka akuchita chidikhodikho kuyambira cha pa milungu 9 ya pakati, pa nthawi imene mapapo ake sanayambe n'komwe kugwira ntchito yopuma mpweya. Miyezi ikamapita mayi amatha kumva kugunda kwakung'ono kobwerezabwereza m'mimba, kosiyana ndi kupalapata kwa miyendo ya mwana. Ana obadwa masiku asanakwane amachita chidikhodikho kwambiri kuposa wina aliyense, pafupifupi mphindi 15 pa tsiku, ndipo chimanka chichepa munthu akamakula. Mu 2019 akatswiri a ku University College London, motsogozedwa ndi Kimberley Whitehead, anayeza mmene ubongo wa makanda 13 unkagwirira ntchito pa nthawi ya chidikhodikho, ndipo anapeza kuti kugwedezeka kulikonse kwa mnofu uja kunkadzutsa mafunde ooneka bwino muubongo. Iwo anaganiza kuti mwina imeneyi ndi njira imene ubongo wa khanda umaphunzirira kuzindikira minofu yopumira kuti pambuyo pake uzitha kuiwongolera.

Palinso maganizo ena awiri amene amatchulidwa kawirikawiri. Mu 2003 katswiri wofufuza za kapumidwe, Christian Straus, ndi anzake ananena kuti chidikhodikho chimafanana ndi mmene mbululu zimapumira m'madzi, chifukwa nazonso zimakoka madzi kukamwa n'kutseka njira ya kumapapo kuti madziwo asalowemo, choncho n'kutheka kuti ife tinangotsala ndi kachitidwe kakale kamene ntchito yake inatha. Mu 2012 dokotala wa ku Canada, Daniel Howes, anapereka ganizo lina, lakuti chidikhodikho chimathandiza mwana woyamwa kutulutsa mpweya umene wameza kuti m'chifu mupezeke malo a mkaka wambiri, ndipo anakumbutsa kuti chimaoneka mwa nyama zoyamwitsa monga amphaka, agalu ndi akavalo. Onsewa ndi maganizo chabe, ndipo ine limandikopa kwambiri ndi la Howes chifukwa limagwirizana ndi zimene aliyense wolera khanda amaona, kuti chidikhodikho chimakonda kubwera mwana atangoyamwa. Koma onse atatu akugwirizana pa mfundo imodzi yothandiza: ngati chidikhodikho chili ndi ntchito, ntchitoyo ndi ya pa ukhanda, ndipo munthu wamkulu sataya kanthu pochiletsa.

Njira zochiletsera pakhomo n'zakale kwambiri. M'zolemba za Plato, katswiri wa nzeru wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 2,300 zapitazo, muli nkhani ya mlembi wa masewero Aristophanes amene analephera kulankhula pa phwando chifukwa cha chidikhodikho, ndipo dokotala Eryximachus anamulangiza kuti ayambe wasunga mpweya kwa kanthawi, zikakanika achukuche madzi kukhosi, ndipo zikakanikabe adzitekenye m'mphuno kuti ayetsemule. Hippocrates, dokotala wotchuka wakale wa ku Greece, nayenso analemba kuti kuyetsemula kumathetsa chidikhodikho. Malangizo amenewa sasiyana kwenikweni ndi amene timapatsana lero, ndipo chifukwa chake n'chakuti njira zonse zimene anthu a m'mayiko osiyanasiyana anatulukira, ngakhale zimaoneka zambiri, zimadzera m'makomo awiri okha. Zina zimachulukitsa mpweya woipa m'magazi, uja timautulutsa popuma, ndipo zina zimadzidzimutsa mtsempha wa vagus ndi uthenga wina wamphamvu woposa umene ukuyambitsa chidikhodikhocho.

Khomo loyamba ndi limene lili ndi maziko omveka bwino. Zinaonedwa kalekale kuti mpweya woipa ukachuluka m'magazi chidikhodikho chimachepa, ndipo ukachepa chimachuluka, chifukwa ubongo ukazindikira kuti mpweya woipa wakwera umaika mphamvu zake zonse pa kupuma kwenikweni. Njira yosavuta ndi kukoka mpweya wambiri n'kuusunga m'chifuwa kwa masekondi 10 kapena 20, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ndi kubwereza kangapo. Ena amawonjezera mphamvu yake motere: amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, amausunga masekondi 10, kenako osatulutsa amakokanso pang'ono pamwamba pake n'kusunganso, ndipo amatero kachitatu asanautulutse wonse. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti, kuwonjezera pa kukweza mpweya woipa, imagwira dayafulamu ili yotsika ndi yokungika, moti imasowa mpata wogwedezeka. Kupumira m'thumba la pepala kumachitanso chimodzimodzi chifukwa munthu amakokanso mpweya umene watulutsa, koma thumbalo likhale la pepala, lisakhale la pulasitiki, ligwiridwe pakamwa ndi pamphuno pokha osavala kumutu, ndipo munthu asiye akangoyamba kumva chizungulire. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a mapapo asayese njira ya thumbayi, ndipo mwana asapatsidwe.

Khomo lachiwiri ndilo lili ndi njira zambiri, chifukwa vagus ali ndi nthambi m'malo ambiri amene munthu angathe kuwafikira. Kumwa madzi ozizira kwambiri pang'onopang'ono koma mosadukiza, kuchukucha madzi ozizira kukhosi, kuyamwa kachidutswa ka ndimu, kulawa madontho ochepa a viniga, kukoka lilime pang'ono ndi zala zoyera, zonsezi zimatumiza uthenga wamphamvu kuchokera kummero. Kutseka makutu ndi zala uku mukumwa madzi ndi kapaipi, kapena wina akukumwetsani, kumakhudza nthambi ya m'khutu pamodzi ndi ya kummero. Kukhala pansi n'kukokera mawondo pachifuwa, mutawerama pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kumapanikiza dayafulamu kuchokera m'munsi. Kutseka mphuno ndi pakamwa n'kukankha mpweya ngati mukufuna kuutulutsa, kwa masekondi ochepa, kumakweza mphamvu ya mpweya m'chifuwa ndipo kumagwedeza vagus, ngakhale kuti odwala mtima ndi amene angochitidwa kumene opaleshoni ya maso ayenera kuipewa. Ngakhale njira yotchuka ija yomwera madzi mbali ya kutsidya ya kapu mutawerama, imene imaoneka yopanda nzeru, imaphatikiza zinthu zitatu zomveka: mimba imapanikizika, kupuma kumaima, ndipo munthu amameza mobwerezabwereza.

Shuga ali ndi mbiri yakeyake. Mu 1971 dokotala Edgar Engleman ndi anzake analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti anapatsa anthu 20 amene anali ndi chidikhodikho kasupuni kamodzi ka shuga wouma kuti ameze, ndipo 19 mwa iwo chinawaleka. Akuganiza kuti chimene chimagwira ntchito si kutsekemera kwake kokha ayi, koma timibulu take timene timakanda kummero pomeza. Zaka 50 pambuyo pake, mu 2021, dokotala Ali Seifi wa ku San Antonio, m'boma la Texas ku United States, anafalitsa zotsatira za kapaipi kolimba kamene anapanga, kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri kumunsi, kamene kamakakamiza munthu kukoka madzi ndi mphamvu zambiri asanameze. Kukoka mwamphamvuko kumagwiritsa ntchito dayafulamu ndi mtsempha wa phrenic, ndipo kumezako kumagwiritsa ntchito vagus, moti mitsempha yonse iwiri imatanganidwa nthawi imodzi. Mwa anthu 249 amene anayankha mafunso, pafupifupi 92 pa 100 alionse ananena kuti kanawathandiza.

Manambala amenewa ndi osangalatsa, koma ndimaona kuti tiyenera kuwawerenga modekha. Anthu 20 ndi ochepa, ndipo anthu 249 aja ankangofotokoza okha zimene anaona, popanda gulu lina loyerekezera nalo limene silinagwiritse ntchito kapaipiko. Vuto lalikulu pofufuza njira iliyonse yoletsera chidikhodikho ndi lakuti chimatha chokha. Munthu akayesa njira zinayi motsatizana, chidikhodikho n'kuleka pa yachinayiyo, iye amakhulupirira moyo wake wonse kuti yachinayiyo ndiyo mankhwala enieni, chonsecho mwina nthawi yake yoti chileke inali itangokwana. Umu ndi mmene munthu aliyense amapezera njira imene amailumbirira, ndipo n'chifukwa chake mikangano ya njira yopambana siitha. Sindikunena kuti njirazi n'zachabechabe, popeza zambiri zili ndi chifukwa chomveka m'kapangidwe ka thupi. Ndikunena kuti, poti palibe imene yatsimikizika kuti imaposa zinzake, muyeso wabwino posankha ndi wakuti njirayo isavulaze. Ine ndimayamba ndi kusunga mpweya, kenako madzi ozizira, kenako shuga, ndipo zikakanika zonsezi ndimangochisiya kuti chithe chokha.

Pa muyeso umenewo pali njira zina zimene ndimazikana. Kudzidzimutsa munthu nthawi zina kumagwiradi ntchito, chifukwa kumadula kapumidwe mwadzidzidzi, koma sindiona chifukwa chochitira zimenezi kwa munthu wokalamba, wodwala mtima, mayi woyembekezera, kapena wina amene ali ndi chakudya m'kamwa ndipo angathe kutsamwa. Kuuza munthu uthenga wabodza woopsa pofuna kumuchititsa mantha ndi nkhanza imene imapweteka kuposa chidikhodikhocho. Kudina maso ndi zala kapena kutikita mitsempha ikuluikulu ya m'mbali mwa khosi kumakhudzadi vagus, koma kungathe kuchedwetsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka, ndipo kwa achikulire kutikita khosi kungayambitse sitiroko, choncho zimenezi si zoyesera pakhomo. Kumwa viniga wambiri kumawotcha kummero ndi kuwononga mano. Shuga wouma asapatsidwe kwa mwana wamng'ono, kwa munthu amene amavutika kumeza, kapena kwa amene akusinza kapena waledzera, ndipo wodwala matenda a shuga angachite bwino kusankha njira ina.

Za makanda ndikufuna kunena mwapadera, chifukwa ndi kumene chikondi cha makolo chimatha kubweretsa ngozi. Khanda likamachita chidikhodikho kathupi konse kamagwedezeka, ndipo wolera amamva chisoni n'kufuna kuchitapo kanthu, chonsecho mwanayo nthawi zambiri sakuvutika, mwinanso amagona chili mkati. Chimene chimathandiza ndi kuimitsa kaye kuyamwitsa, kumunyamula choimirira paphewa, ndi kumusisita kapena kumugunda pang'onopang'ono pamsana kuti ageye. Kumuyamwitsa asanafike polira ndi njala kumachepetsa mpweya umene amameza, ndipo ngati akumwa mkaka wa m'botolo, botololo lipendekeke kuti nsonga yake izikhala yodzaza mkaka. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi, ndipo wosakwana chaka asalawitsidwe uchi, chifukwa uchi ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofooketsa minofu otchedwa botulism. Kumutseka mphuno, kumukoka lilime kapena kumudzidzimutsa n'zosayenera m'pang'ono pomwe. Koma ngati chidikhodikho cha khanda chikubwera pamodzi ndi kusanza pafupipafupi, kulira ndi kudzipinda msana poyamwa, kapena kusakwera sikelo, mwanayo akaonedwe kuchipatala, chifukwa mwina mkaka ukubwerera kummero.

Tsopano ndifike pa funso la nthawi lija. Madokotala amagawa chidikhodikho m'magulu atatu potengera kutalika kwake: chosapitirira maola 48 amachiona ngati wamba, chopitirira maola 48 amachitcha chokhalitsa, ndipo chopitirira mwezi umodzi amachitcha chosamva mankhwala. Malire a maola 48 amenewa ndi amene ndimafuna kuti munthu aliyense aziwadziwa kuposa mmene amadziwira za madzi ndi shuga, chifukwa chidikhodikho chikadutsa masiku awiri sichikhalanso nkhani ya kudya mothamanga. Nthawi zambiri chimakhala chizindikiro chakuti pena pake panjira ya mitsempha ija pali chimene chikuinyanyula mosalekeza, ndipo kupitiriza kuyesa njira za pakhomo kumangochedwetsa kupeza chinthucho. Chokhalitsa choterechi chimagwira amuna kwambiri kuposa akazi, makamaka achikulire.

Choyambitsa chimene chimapezeka kawirikawiri ndi asidi wa m'chifu amene amabwerera m'njira ya chakudya, amene ambiri amamudziwa ngati chilungulira, ndipo chimenechi chimachizika mosavuta. Koma mndandanda wake ndi wautali, ndipo umatsata njira ya mitsempha kuchokera kumutu mpaka kumimba. Muubongo mungakhale sitiroko, chotupa, kuvulala kapena matenda oumitsa khosi. M'khosi mungakhale chithokomiro chotupa. M'chifuwa mungakhale chibayo, madzi ozungulira mapapo, khansa, ngakhalenso mtima umene mitsempha yake ya magazi yatsekeka, makamaka mbali ya m'munsi ya mtima imene imagona pa dayafulamu. M'mimba mungakhale zilonda, matenda a chiwindi kapena a ndulu, kapena matumbo otsekeka. Nthawi zina vuto limakhala m'magazi, monga pamene impso zalephera kusefa zoipa, pamene mchere wa sodium kapena calcium wachepa, kapena pamene shuga sakuwongoleredwa. Anthu amene achitidwa opaleshoni ya pamimba kapena pachifuwa, ndi amene apatsidwa mankhwala ogonetsa, amakumana nacho kawirikawiri. Mankhwala ena amachiyambitsanso, makamaka dexamethasone, mankhwala ena a khansa monga cisplatin, ndi ena ogonetsa tulo a gulu la diazepam. Zikatero munthu asawasiye yekha, koma akauze amene anamulembera, chifukwa nthawi zambiri pamakhala ena olowa m'malo.

Palinso nthawi imene munthu sayenera kudikira ngakhale maola 48 aja. Chidikhodikho chikabwera pamodzi ndi kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kubanika, thukuta lozizira, mutu waukulu wadzidzidzi, chizungulire chodzandira nacho, kulephera kumeza, kulankhula mosamveka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena dzanzi ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, munthuyo athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo. Sitiroko imene imagwira m'mbali mwa tsinde la ubongo imadziwika ndi chidikhodikho chovuta kuleka, ndipo zizindikiro zake zina sizikhala zoonekeratu ngati za sitiroko imene anthu anazolowera. Chimodzimodzinso ngati munthu akusanza mosalekeza, mimba yafufuma ndipo sakuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya.

Anthu odziwika nawonso anavutikapo nacho. Papa Pius XII anadwala chidikhodikho chokhalitsa mu 1954, chimene chinkayenderana ndi vuto la m'mimba, ndipo chinamufooketsa kwambiri. Mu Julayi 2021 Jair Bolsonaro, pa nthawiyo mtsogoleri wa dziko la Brazil, anakhala ndi chidikhodikho masiku oposa 10, mpaka ankalephera kumaliza bwino zolankhula zake, ndipo atagonekedwa m'chipatala ku Brasília, kenako ku São Paulo, madokotala anapeza kuti matumbo ake anali atatsekeka. Koma nkhani imene imatchulidwa kwambiri ndi ya Charles Osborne, mlimi wa ku Iowa ku United States, amene anayamba chidikhodikho mu 1922 atagwa pamene ankanyamula nkhumba yoti aiphe, ndipo sichinaleke mpaka mu 1990, patapita zaka 68. Poyamba chinkabwera maulendo pafupifupi 40 pa mphindi, kenako chinatsika kufika pa 20. Anakwatira, anabereka ana, anaphunzira kupuma mwa njira imene inkabisa phokoso lake, ndipo m'zaka zake zakumapeto ankadya chakudya chogaya chifukwa cholimba chinkamuvuta kumeza. Chinaleka chokha, ndipo iye anamwalira chaka chotsatira, mu 1991.

Nkhani ya Osborne imakonda kufotokozedwa ngati chodabwitsa chosangalatsa, koma ine ndikaiganizira ndimaona kuzunzika kumene anthu sakuwerengera. Munthu wa chidikhodikho chokhalitsa sagona mokwanira, amaopa kudya chifukwa amatsamwa kapena kusanza, amaonda, amasowa madzi m'thupi, ndipo minofu ya pachifuwa ndi pamimba imamuwawa. Amene wachitidwa opaleshoni posachedwa, bala lake limatha kutseguka chifukwa cha kugwedezeka kosalekeza. Kuntchito amalephera kulankhula ndi anthu, pagulu amachita manyazi, ndipo ena amafika podzipatula ndi kudwala matenda a nkhawa. Chimapweteka kwambiri ndi chakuti akadandaula anthu amamuseka, kapena amamuuzanso za madzi ndi shuga ngati kuti iye sanayesepo. Kwa odwala khansa kapena impso amene ali kale pa mphasa, chidikhodikho chimatha kuwalanda tulo ndi chakudya chochepa chimene akanatha kulandira, ndipo owasamalira ali ndi ufulu wonse wopempha madokotala kuti achichitepo kanthu, osachiona ngati chinthu chaching'ono.

Kuchipatala ntchito yoyamba imakhala kufufuza gwero. Dokotala amayang'ana m'makutu ndi kummero, amamvetsera chifuwa, amagwira mimba, amayesa mmene mitsempha ya ubongo ikugwirira ntchito, ndipo angapemphe kuyeza magazi kuti aone impso, chiwindi, shuga ndi mchere, kujambula chifuwa, kuyeza kagundidwe ka mtima, mwinanso kulowetsa kamera kummero kapena kujambula ubongo. Gwero likapezeka n'kuchizidwa, chidikhodikho chimatha. Likapanda kupezeka, kapena likakhala losachizika msanga, pali mankhwala ochepetsa chidikhodikhocho. Chlorpromazine ndi amene bungwe loona za mankhwala ku United States, la FDA, linavomereza pa vutoli, ngakhale amagonetsa ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi, makamaka kwa okalamba. Madokotala ambiri masiku ano amayamba ndi baclofen, gabapentin kapena metoclopramide, ndipo ngati akukayikira asidi amapereka mankhwala monga omeprazole. Bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zachipatala, litaunika kafukufuku amene analipo mu 2013, linapeza kuti umboni sunali wokwanira kusonyeza chithandizo chopambana, choncho dokotala amasankha potengera zaka za wodwala, mphamvu ya impso zake ndi mankhwala ena amene akumwa, ndipo n'chifukwa chake si mankhwala ogula mwachisawawa kapena obwereka kwa mnzanu. Zonse zikakanika, akatswiri amatha kubaya mankhwala ochititsa dzanzi pa mtsempha wa phrenic, kapena kuika kachipangizo kotumiza mphamvu yochepa ya magetsi ku vagus.

Popita kukaonana ndi dokotala ndi bwino kutenga mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha, ndi kukonzekera kufotokoza tsiku limene chidikhodikho chinayamba, zimene munkachita pa nthawiyo, kuchuluka kwa mowa kapena fodya ngati mumagwiritsa ntchito, opaleshoni iliyonse ya posachedwa, ndiponso ngati mwaonda kapena mukuvutika kumeza. Funsaninso amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati chidikhodikhocho chimapitirira inu mutagona, chifukwa dokotala adzafuna kudziwa zimenezo: chimene chimaleka m'tulo n'kuyambiranso mukadzuka nthawi zina chimayenderana ndi nkhawa kapena kupanikizika maganizo, pamene chimene chimapitirira usiku wonse chimalozera kwambiri ku vuto la m'thupi limene liyenera kufufuzidwa.